Demokalase ndi Ulamuliro Wopondereza: Kusiyana Kwake Kuli Pati?

Pafupifupi boma lililonse, kaya ndi la demokalase kaya ndi lopondereza, limatolera misonkho, limasunga apolisi ndi asilikali, limamanga misewu ndiponso limakhazikitsa malamulo. Pa zimenezi maboma sasiyana kwenikweni. Kusiyana kumaonekera tsiku limene wolamulira walakwa. M'dziko la demokalase mumakhala anthu ndi mabungwe amene lamulo lawapatsa mphamvu yomuletsa, ndipo pamakhala tsiku lodziwika limene anthu wamba angamuchotse pampando popanda kukhetsa mwazi. Kumene kuli ulamuliro wopondereza njira zimenezi zimakhala zotsekedwa, kapena zimangokhalapo mwa dzina lokha. Dziko la Malawi lalawa maulamuliro onse awiri chilandirireni ufulu wodzilamulira mu 1964, choncho mbiri yake ndi yokwanira kuunikira nkhaniyi.

Ulamuliro wopondereza ulibe nkhope imodzi. Nthawi zina amalanda boma ndi asilikali, monga anachitira Idi Amin ku Uganda mu 1971. Kwina mphamvu zonse zimakhala m'manja mwa mfumu. Ku Eswatini, Mfumu Sobhuza II inathetsa malamulo oyendetsera dziko ndi kuletsa zipani mu 1973. Kwinanso chipani chimodzi chimasanduka boma, monga zilili ku China ndi ku North Korea, komanso monga zinalili ku Zambia kuyambira 1972 mpaka 1991. Mtundu wovuta kuuzindikira ndi umene wafala masiku ano: zipani zilipo zambiri, zisankho zimachitika pa nthawi yake, koma wailesi ya boma, apolisi, chuma cha dziko ndi bungwe lowerenga mavoti zonse zimatumikira munthu mmodzi, ndipo malamulo amasinthidwa kuti asachoke. Ku Uganda, Yoweri Museveni analowa m'boma mu 1986. Malire a matemu a pulezidenti anachotsedwa mu 2005, ndipo malire a zaka zakubadwa anachotsedwanso mu 2017. Choncho kuona anthu ali pamzere wokavota si umboni wokwanira woti m'dziko muli demokalase.

Mmene zinalili pansi pa chipani chimodzi

Mbewu ya ulamuliro wa munthu mmodzi m'Malawi inamera patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu. Mu Seputembala 1964 nduna zingapo zinasemphana maganizo ndi Dr Hastings Kamuzu Banda pa kayendetsedwe ka boma. Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa pa maudindo awo. Henry Masauko Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawowo. Ambiri anathawira kunja. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1966 anakhazikitsa chipani cha Malawi Congress kukhala chipani chokhacho chololedwa, ndipo mu 1971 Dr Banda anakhala Pulezidenti Wamuyaya. Nzika iliyonse inkayembekezeka kutsata ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo.

Nyumba ya Malamulo inalipo, makhothi analipo, ndipo zisankho za aphungu zinkachitika. Koma ofuna kupikisana ankayamba avomerezedwa ndi chipani ndiponso Pulezidenti, ndipo phungu wochotsedwa m'chipani ankataya mpando wake nthawi yomweyo. Nyumba yotere sikanatha kukana chilichonse chochokera kwa mtsogoleri.

Kwa munthu wamba, ulamulirowu unkaonekera pa khadi la chipani. Anyamata a chipani ovala malaya ofiira ankaima pa zipata za misika, pokwerera basi ndi pakhomo pa chipatala. Mayi wosenza dengu la tomato kuchokera kumudzi ankayamba waonetsa khadi asanalowe mumsika. Wopanda khadi ankabwezedwa kapena kukakamizidwa kugula pomwepo, ngakhale ndalama imene anali nayo inali ya mchere. Panalibe ofesi yokadandaulako, chifukwa amene ankafunsa khadiwo ndi amenenso anali maso a boma m'deralo. A Mboni za Yehova, amene anakana kugula makadi chifukwa cha chikhulupiriro chawo, analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique atamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ndi kuchotsedwa ntchito.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti zambiri mwa nkhanzazi zinali ndi lamulo lozikhalira kumbuyo. Lamulo la chitetezo cha dziko linkalola kutsekera munthu m'ndende popanda kumuzenga mlandu, mopanda malire a nthawi. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anakhala ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osauzidwa mlandu wake pamaso pa woweruza. Lamulo la mu 1966 linkalola boma kulanda katundu wa munthu, ndipo wolandidwayo sankaloledwa kukasuma kukhothi. Lamulo la mu 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo la mu 1973 linaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi. Kuyambira 1969 milandu ikuluikulu, kuphatikizapo ya kupha ndipo kenaka ya kuukira boma, inkatha kupita ku mabwalo a mafumu, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Bwalo lotere ndi limene linagamula mu 1983 kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse; Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993. Apa pakuoneka kuti kukhala ndi malamulo pakokha sikuteteza munthu. Wopondereza amagwiritsa ntchito lamulo ngati chikwapu pamsana pa anthu, iye mwini ali pamwamba pake.

Pamene lamulo linkaoneka lochedwa, ankalilambalala. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma linalengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Wailesi inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo nyuzipepala zikuluzikulu zinali m'manja mwa kampani yogwirizana ndi mtsogoleri, choncho panalibe wofunsa funso poyera. Panatenga zaka zoposa 11 kuti kafukufuku wa boma latsopano aulule kuti anthuwa anaphedwa ndi apolisi. Dr Banda ndi anzake anazengedwa mlandu ndipo khothi linawapeza osalakwa mu Disembala 1995. Chigamulochi chinawawa anthu ambiri, makamaka abale a ophedwawo, komabe chinasonyeza kusintha kwakukulu: oimbidwa mlanduwo anali ndi maloya, anazengedwa pabwalo lotseguka, ndipo boma limene linkafuna kuti amangidwe linagonja.

Kusintha kwa 1992 mpaka 1994

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, ikudzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana, amene ankamenyera ulamuliro wa zipani zambiri, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi ogwira ntchito ku Blantyre ananyanyala, apolisi anaombera anthu ambiri, ndipo mayiko othandiza Malawi anaimitsa thandizo lonse kupatula la chifundo. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ovota anasankha pakati pa nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi. Pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana, ndipo Dr Banda anavomereza kugonja kudzera pa wailesi.

Zimene malamulo a dziko akunena tsopano

Malamulo aakulu oyendetsera dziko anayamba kugwira ntchito mongoyembekezera mu Meyi 1994 ndipo anakhazikitsidwa kotheratu mu 1995. Olemba ake ankadziwa bwino mabala a zaka 30 zapitazo, ndipo pafupifupi ndime iliyonse yofunika ikuyankha nkhanza inayake imene inachitikadi.

Ndime 5 ikunena kuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana ndi malamulo aakuluwa n'chopanda mphamvu. Ndime 12 ikuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo olamulira amangosungiziridwa mphamvuzo malinga ngati anthu akuwakhulupirirabe. Ndime 7, 8 ndi 9 zikugawa boma m'nthambi zitatu: Pulezidenti ndi nduna zake amayendetsa boma, Nyumba ya Malamulo imapanga malamulo ndi kuvomereza bajeti, makhothi amatanthauzira malamulo mosakondera. Cholinga cha kugawaku n'chakuti amene akufuna kumanga munthu asakhalenso wolemba lamulo lomumangira ndi womuweruza. Ndime 83 ikupereka zaka 5 pa temu iliyonse ya Pulezidenti, ndipo munthu sangapitirire matemu awiri otsatizana.

Mutu wachinayi wa malamulowa ndi wa ufulu wachibadwidwe. Muli ufulu wolankhula zakukhosi, wa atolankhani, wopembedza, wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwabata, woyambitsa chipani kapena kulowa chipani chimene munthu wafuna. Ndime 32 ikuletsa kukakamiza munthu kukhala membala wa gulu lililonse, ndipo aliyense amene anabwezedwapo pachipata cha msika akudziwa chifukwa chake ndimeyi inalembedwa.

Ndime 42 ndi imene nzika iliyonse iyenera kuidziwa pamtima, chifukwa kupondereza kumayambira pa munthu mmodzi amene ali m'chitokosi cha apolisi usiku. Womangidwa ayenera kuuzidwa msanga chifukwa chomumangira, m'chilankhulo chimene amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo sayenera kukakamizidwa kuvomera mlandu. Angathe kuonana ndi loya wake mwachinsinsi, kuyenderedwa ndi abale, dokotala kapena m'busa wake. Ayenera kukaonekera kukhothi pasanathe maola 48. Ngati maolawo athera pa tsiku limene makhothi sagwira ntchito, akaonekere tsiku loyamba limene khothi latsegula, apo ayi atulutsidwe. Ali ndi ufulu wopempha belo, ndipo amaonedwa wosalakwa kufikira khothi litamupeza wolakwa. Belo ya kupolisi salipira. Mbale wa womangidwa amene wadutsitsa maola 48 angapite ku Khothi Lalikulu kukapempha kuti munthuyo abweretsedwe pamaso pa woweruza, ndipo amene alibe ndalama za loya angapemphe thandizo ku bungwe la boma la Legal Aid Bureau.

Ufulu uli ndi malire, ndipo demokalase sikana zimenezi. Ndime 44 ikulola kuchepetsa ufulu wina pokhapokha ngati malirewo alembedwa m'lamulo, ndi omveka, ndi ovomerezeka pa muyeso wa mayiko onse wa ufulu wachibadwidwe, ndiponso ndi ofunikadi m'dziko lomasuka. Ngakhale pa nthawi ya nkhondo kapena ngozi yaikulu, Pulezidenti akalengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, chilengezocho chimatha pakapita masiku 21 pokhapokha aphungu atachionjezera, ndipo pali maufulu ena osakhudzidwa m'pang'ono pomwe, monga ufulu wokhala ndi moyo ndi kuletsa kuzunza munthu. Muulamuliro wopondereza wolamulira amaika malire yekha ndi kuwasuntha mmene wafunira. Mu demokalase malirewo amayesedwa ndi khothi.

Pamene malamulowa anayesedwa

Zolembedwa papepala zimadziwika mphamvu yake wina wamphamvu akafuna kuzilumpha. Mu Julayi 2002 bilu yochotsa malire a matemu a Pulezidenti inabwera m'Nyumba ya Malamulo. Kuti idutse pankafunika aphungu awiri mwa atatu alionse, ndipo inaperewera mavoti atatu okha. Mipingo, mabungwe, maloya ndi ophunzira anali atakana poyera kwa miyezi yambiri, ndipo kuyesanso kwa mu 2003 kunalephera. Pamene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 Epulo 2012, ena m'boma anayesa kutchinga wachiwiri wake Joyce Banda, amene anali atachotsedwa m'chipani cholamula. Asilikali anaima ndi malamulo, ndipo mayiyu analumbiritsidwa pa 7 Epulo.

Chaka cha 2020 chinaonetsa zambiri. Pa 3 Febuluwale oweruza asanu a Khothi Lalikulu, atakhala ngati bwalo lounika malamulo a dziko, anafafaniza zotsatira za chisankho cha Pulezidenti cha mu Meyi 2019 chifukwa cha zolakwika zochuluka, kuphatikizapo kufufuta manambala ndi tipeksi pa mapepala a zotsatira. Anagamulanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka la mavoti onse. Khothi la apilo la Supreme linagwirizana nawo mu Meyi, ndipo pa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni Lazarus Chakwera anagonjetsa Peter Mutharika, amene anali pampando. Malawi linakhala dziko lachiwiri mu Africa, pambuyo pa Kenya mu 2017, kumene khothi linafafaniza chisankho cha Pulezidenti. Mu Epulo chaka chomwecho khothi linaimitsa ganizo la boma lotsekera anthu m'nyumba masiku 21 chifukwa cha Covid-19, pamene odandaula anati boma silinakonze chakudya cha anthu odalira maganyu ndi malonda a tsiku ndi tsiku. Mu Juni linaimitsanso boma pamene linkafuna kutumiza kutchuthi mkulu wa makhothi Andrew Nyirenda nthawi yake yopuma isanakwane.

Kuyambira 1994 apulezidenti anayi achotsedwa ndi voti ali pampando: Dr Banda mu 1994, Joyce Banda mu 2014, Peter Mutharika mu 2020 ndi Lazarus Chakwera mu 2025. Palibe mmodzi mwa iwo amene anachoka ndi mfuti.

Funso la chitukuko ndi chakudya

M'minibasi, pamaliro ndi pamabwalo a bawo mumamveka mawu akuti kale zinthu zinali bwino: mitengo inali yokhazikika, mbava zinkaopa, misika ya ADMARC inali ndi chimanga. Mawuwa sayenera kunyozedwa, chifukwa amachokera mu ululu weniweni wa kukwera mitengo, kusowa kwa mafuta ndi feteleza, ndi katangale monga kubedwa kwa ndalama za boma kumene kunaululika ku Capital Hill mu 2013. N'zoonanso kuti nthawi ya Dr Banda kunamangidwa Yunivesite ya Malawi, likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo misewu yambiri inaikidwa phula. Oikira kumbuyo ulamuliro wa dzanja lolimba amatchulanso China, imene yatulutsa anthu mamiliyoni ambiri mu umphawi popanda zisankho za zipani zambiri.

Koma chipani chomwecho cha ku China ndi chimene chinkalamula pa njala ya 1959 mpaka 1961, imene inapha anthu mamiliyoni ambiri pamene akuluakulu a m'zigawo ankaopa kunena zoona za zokolola. Mobutu Sese Seko analamula Zaire zaka 32 ndi dzanja lolimba kwambiri, nasiya dziko lodzala ndi migodi lili pa umphawi wadzaoneni. Pamene Botswana ndi Mauritius, mayiko amene akhala ndi zisankho za zipani zambiri chilandirireni ufulu, ali m'gulu la mayiko otukuka kwambiri mu Africa. Ulamuliro wopondereza ukhoza kubala chitukuko kapena chionongeko, ndipo anthu alibe chochita pa zonse ziwirizi. Akagwa m'manja mwa wolamulira woipa amangodikira imfa yake. Tisaiwalenso kuti katangale wa nthawi ya chipani chimodzi sankalembedwa m'nyuzipepala, choncho kusamveka kwake si umboni woti kunalibe.

Katswiri wa zachuma wa ku India, Amartya Sen, anaonetsa kuti njala yaikulu yopha anthu ochuluka simachitika kawirikawiri kumene kuli zisankho zenizeni ndi atolankhani omasuka, chifukwa boma limakakamizika kumva kulira kwa anthu msanga. Njala ya mu 2002 m'Malawi, imene inafika chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, ikukumbutsa kuti chitetezo chimenechi si chathunthu. Anthu anafa dziko lili mu demokalase. Chosiyana n'chakuti mipingo, mabungwe ndi atolankhani anaiulula, boma linakakamizika kuvomereza kuti kuli njala, ndipo kugulitsidwa kwa chimangacho kunafufuzidwa.

Ming'alu imene ilipo ndi udindo wa nzika

Demokalase ya Malawi ili ndi malo ofooka. Ndime 64, imene inkalola anthu kuchotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, inachotsedwa ndi aphungu omwewo mu 1995. Nyumba yachiwiri ya malamulo ya Senate, mmene mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, inafafanizidwa mu 2001 isanakhalepo n'komwe. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu 20 anaphedwa, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo za apolisi. Anthu ena amangidwapo chifukwa cha zimene analemba pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndipo anyamata a zipani onyamula zikwanje akhala akuonekera m'maboma osiyanasiyana. Zonsezi ndi zizolowezi za ulamuliro wakale zimene zimabwerera mwakachetechete, ndipo chipani chilichonse chimazidzudzula chikakhala kotsutsa n'kuzikonda chikalowa m'boma.

N'chifukwa chake udindo wa nzika sumathera pa tsiku lovota. Mmalawi aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo ali ndi ufulu wolembetsa ndi kuvota mwachinsinsi. Ndalama, nsalu kapena thumba la ufa lolandira pa msonkhano wa kampeni silimanga munthu, ndipo palibe mfumu, bwana kapena mwamuna amene ali ndi mphamvu younika mmene wina wavotera. Ufulu womwewo umene munthu akudzifunira ayenera kuulola kwa mnzake wa chipani china, mtundu wina kapena chigawo china. Kugwetsa msonkhano wa otsutsana nawo ndi kupondereza ngakhale wochitayo akhale munthu wamba.

Njira zodandaulira zilipo ndipo zambiri n'zaulere. Wochitiridwa zosalungama ndi ofesi ya boma, monga kuchotsedwa ntchito popanda kumumva kapena kuchedwetseredwa penshoni popanda chifukwa, angapite kwa Ombudsman. Ndime 43 ikumupatsanso ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa pa ganizo lililonse la boma lomukhudza. Nkhani zophwanya ufulu wachibadwidwe zimapita ku bungwe la Malawi Human Rights Commission, ndipo za ziphuphu ku Anti-Corruption Bureau. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga wa boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, limalola nzika kulembera khonsolo kapena unduna kufunsa, mwachitsanzo, ndalama zimene zinapita pa mlatho wa m'dera lawo ndi kontilakitala amene anapatsidwa ntchitoyo. Ofuna kuchita zionetsero amadziwitsa bwanamkubwa kapena mkulu wa khonsolo ya mzinda molemba kalata kutatsala maola osachepera 48, n'kupereka kope kwa mkulu wa apolisi wa m'deralo. Kalatayo ndi yodziwitsa kuti akuluakuluwo akambirane ndi okonza za njira, nthawi ndi chitetezo. Akaletsa zionetserozo ayenera kupereka zifukwa, ndipo okonzawo ali ndi ufulu wokatsutsa chiletsocho ku Khothi Lalikulu.